Shuga wa NyaTembo

"A Malizani, tabwerani muone zodabwitsa za kompyuta yanu," anatero sisitala Christobel Nyirenda ataima pakhomo la labu, kapepala kali m'manja. "Shuga wa masiku ano wayamba kubwera ndi zilembo? Apa yalemba 12C. Kapena mwatiwonjezera vitamini?"

Malizani anaseka nawo, koma atalandira kapepalako analeka kuseka.

Iye anali wa ku Ntcheu, ndipo ku Mzimba anabwera kudzasamalira makompyuta a kachipatala kena koima pakokha m'tauni. Sabata yapitayo galasi loonetsa manambala pa makina oyezera shuga linazima, lina loti aikepo kulibe. Malizani analumikiza makinawo ku kompyuta n'kulemba pulogalamu yoti zotsatira zizisindikizidwa pa kapepala komata m'buku la wodwala. Lolemba inayamba kugwira ntchito, onse n'kumuyamika. Tsikuli linali Lachinayi.

Anakhala pampando n'kutsegula pulogalamuyo. Sanafufuze nthawi yaitali. Pamzere wina anali atalemba mawu akuti hex, kuti nambala ya makinawo iwoneke mmene makompyuta amawerengera. Pamzere wotsatira anayenera kulemba dec, kuti ibwerere ku kawerengedwe ka anthu. Mawu amenewo panalibe.

"Mwangoti chete bwanji?" anafunsa Christobel.

"Sisitala, ife timawerenga m'magulu a khumi. Kawerengedwe aka ndi ka magulu a khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kakadutsa 9 kamabwereka zilembo, A mpaka F. Ndinaiuza kompyuta kuti iwerenge choncho pa nambala imodzi yokha, koma ukaiuza siisiya mpaka uyiletse. 12C ameneyu ndi 300."

"300! Mwini pepalali ali panja pa benchi, ndimuike pabedi pompano." Anatembenuka, kenako anaima. "Nanga a masiku enawa? Paja panalibe zilembo."

"Nambala zina zimatuluka zopanda chilembo. Zimaoneka ngati zabwinobwino."

Christobel atamugoneka wodwala uja anabwera ndi kaundula. Kuyambira Lolemba anali atayeza anthu anayi. Malizani anatenga cholembera. 78 anali 120. 83 anali 131. 96 anali 150. Atafika pa dzina lachinayi anawerengetsa kawiri.

"NyaTembo, wa ku Luwawa," anawerenga Christobel. "190. Ndikuwakumbuka. Ankadandaula ludzu ndi chizungulire. Ndinati shuga wakwera pang'ono, apitirize mapiritsi, achepetse zotsekemera, abwere mwezi wamawa. Ndi zingati?"

"400."

Christobel anakhala pansi pa katoni ya magolovesi. Anangotsegula tsamba lomwe panali nambala ya foni ya a Shaba, amuna a NyaTembo, ocheka matabwa kunkhalango, n'kumupatsa Malizani.

Foni inalira kanthawi. Kumbuyo kwa mawu a bamboyo kunkamveka nyimbo ya amayi.

"Ndine wa kuchipatala kumene munabwera Lolemba. Amayi ali bwanji? Ndimati muwabweretse msanga."

"Aa, adada, mwachedwa. Atisiya dzulo. Anagona Lachiwiri, m'mawa osadzuka bwino, tinawakweza pa lole ya matabwa, mbwenu panjira basi." Bamboyo anapuma. "Koma yewo chomene poimba. Zipatala zina sizikumbuka munthu. Tikuika mawa."

Malizani anangomva foni ikuduka.

A Kingstone Mhango, eni chipatalacho, anamvetsera nkhani yonse atatseka chitseko cha ofesi. Anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

"Kukonza kwake n'kotenga nthawi yaitali bwanji?"

"Zilembo zitatu, bwana. Ndakonza kale."

"Mbwenu. Madzi akatayika sawoleka, mwana wanga. Mayiyo anadwala shuga zaka zisanu ndi ziwiri. Ndani angalumbire kuti tikanamugoneka akanachira? Banja silikudandaula. Ukakalankhula, chipatala chino achitseka, ndipo woyamba kumulanda chiphaso ndi sisitala uyu, chifukwa amene anasainira m'buku ndi iyeyu. Ndapota, usadzutse njoka yogona."

Malizani anayang'ana Christobel. Mayiyu anali atagwira unamwino zaka makumi awiri, ana ake atatu ali pasukulu.

"Musandiyang'ane ine," anatero Christobel. "Ine ndinamuona mayiyo milomo itauma gwa. Mtima unandiuza kuti ndiyezenso, koma ndinakhulupirira pepala. Tchimo langa ndi limenelo. Inu lanu mukulidziwa."

Masana onse Malizani anakhala pa kompyuta osagwira kanthu. Anayesa pulogalamu ija kakhumi, ndipo kakhumi konse inatulutsa nambala zolondola. Zimenezo zinamuwawa kuposa china chilichonse. Anakumbuka kuti Lamlungu ankafuna kuiyesa ndi nambala zodziwika kale, koma magetsi anazima, iye n'kunena kuti aona mawa.

Dzuwa lisanalowe anasindikiza pulogalamu yakale, n'kuzunguliza mzere uja ndi cholembera chofiira. Analemba kalata ya tsamba limodzi yopita kwa akuluakulu a zaumoyo, yofotokoza kuti 190 anali 400 ndiponso kuti wolemba pulogalamuyo anali iye. Ina yonga yomweyo anaisiya pa tebulo la a Mhango. Iwo anaiwerenga, osakweza mutu.

"Makiyi a labu usiye kwa mlonda," anatero.

M'mawa mwake Malizani anali pa depoti, akudikira galimoto ya ku Luwawa. Chitumbuka chake chinali cha moni ndi kugula tomato, ndipo sankadziwa kuti akayambira pati pamaso pa a Shaba. Ali chiimire anaona Christobel akubwera, atavala chitenje ndi duku lakuda.

"Sunthani," anatero Christobel galimoto itafika, akukwera pambuyo pake. "Mukalankhule inu. Ine ndikamasulira."