Chivindikiro Choyera

Ntchito yanga ndi yothira mafuta odzola m'timabotolo, ndipo ndinaigwira zaka khumi ndi chimodzi osaphonyapo. Ndayamba ndadzitama dala, chifukwa zimene zikubwerazi zindivula ulemu wonse.

Kufakitale kwathu timapanga mafuta a kunkhope okhala ndi mapeputayidi. Dzinalo lisakuopseni. Mayi wa kulabu koyezera mafutawa, amene timangomutcha Magalasi, amati ndi mapuloteni odulidwadulidwa mpaka kusanduka tizidutswa tosaoneka ndi maso, tothandiza khungu kusalala. Ena amachokera ku mkaka, ena ku zikopa za nsomba. Ufa wake ndi woyera mbee, ndipo wina timaulongedza m'mapaketi kuti odandaula maondo azisungunula m'madzi. Ukalowa m'mafuta sungadziwe wa nsomba ndi wa mkaka, ngakhale mphuno yako itakhala ya galu.

Ife antchito amatilola kutenga botolo limodzi loyesera pamwezi. Mabotolo amenewa sakhala ndi pepala lonena zomwe zili m'kati, amangokhala ndi nambala yaitali ngati ya foni. Angailoweze ndani? Ndiye ife a m'chipinda chothirira tinali ndi lamulo lathulathu losalembedwa paliponse: chivindikiro chobiriwira ndi nsomba, choyera ndi mkaka.

Tsono pali mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, mphunzitsi. Zaka zitatu sitinkamwerana madzi, chiyambire tsiku limene ananena pagulu kuti ndinawalanda mchimwene wawo. Banja lonse linkadziwa za udani wathu, monganso linkadziwira kuti iye nsomba zimamuwenga koopsa. Atabereka mwana wachiwiri anatuluka mawanga akuda m'masaya, n'kumayenda chozolika. Zinandikhudza, komanso mkanganowo unali utanditopetsa. Nditangobwerera kuntchito kuchokera kutchuthi, ndinasankha botolo la chivindikiro choyera, Loweruka m'mawa ulendo wa kwawo.

Anandilandira ngati wodzawerenga mita ya madzi. Koma ataona botololo nkhope inamasuka.

"Alamu, mwandikumbukira ine?" anatero akulitembenuza m'manja. "Koma mulibe nsomba m'menemu? Paja kwanu kuja mumaphika zikopa."

"Alamu, ntchito imeneyi ndakalamba nayo," ndinayankha modzigunda pachifuwa. "Choyera ndi mkaka. Dzolani mtima uli m'malo."

Anadzola pomwepo, patsogolo pa kalilole wa pabalaza, n'kupakanso mowirikiza pamene panali tiziphuphu tokandakanda. Kenaka anateleka tiyi. Tinaseka limodzi koyamba m'zaka zitatu, tikujeda amuna anga ndi mkonono wawo.

Sindinamalize kapu. Ndinaona akukanda khosi, kenaka milomo inayamba kufufuma ndikuyang'ana. Zikope zinatupa mpaka maso kutsala timing'alu. Anafuna kunena kanthu, koma kukhosi kunangotuluka kaphokoso ngati ketulo ikamayamba kuwira. Kapu inagwa, mbwee pansi.

Ndinakuwa. Sindikumbuka kuti ndinatuluka bwanji, ndimangokumbuka ndikumenya geti la aneba ndi manja onse awiri. Bambo wa nyumbayo anatulutsa galimoto ali ndi thovu la sopo kutsaya limodzi. Njira yonse ndinali nditamupakata mlamu, ndikumuwerengera mpweya, botolo lija lili m'thumba la siketi.

Kuchipatala anamuthamangitsira kuseri kwa katani. Dokotala anasuzumira.

"Wadya chiyani?"

"Sanadye kanthu, adokotala. Wangodzola mafuta a mkaka."

"Mkaka umamuwenga?"

"Ayi. Nsomba zokha."

"Ndiye funsani bwino, mayi. Msangamsanga."

Ndinamuimbira Magalasi, n'kumuwerengera nambala ija. Kunamveka mapepala akutembenuzidwa.

"Tayang'anani kunsi kwa botololo," anatero.

Ndinalizondotsa. Panali kadontho ka penti yobiriwira, kochepa ngati njere ya mpiru.

"Zivindikiro zobiriwira zinatha sabata imene munali patchuthi," anapitiriza. "Anzanu anagwirizana zotseka ndi zoyera n'kumadontheza penti kunsi. Sanakuuzeni? Amenewo ndi a nsomba, amphamvu kuposa onse. Mwam'patsa ndani?"

Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti ya m'khonde, anthu akundilambalala. Mawu anatuluka okha: "Adokotala, ndi nsomba. Ndam'patsa ndine."

Anam'baya jakisoni, n'kumuveka chothandizira kupuma. Ine maso anali pa katani, kudikira kuti mwina wina atuluka akupukusa mutu.

Amuna anga anafika ali ndi ovolosi ya kugalaja, apongozi ali pambuyo. Ndinawafotokozera zonse, za zivindikiro, za tchuthi, za kadontho. Apongozi sanandiyang'ane n'komwe, anangolowa kwa mwana wawo. Amuna anga anatenga botololo, analitembenuza kawiri, kenaka anagwada pafupi nane. Ndinkayesa akufuna kundidzutsa.

"Mayi a ana," anatero motsitsa mawu, kuti ena asamve. "Tili awiri pano. Sunkadziwadi?"

Munthu amene ndagona naye nyumba imodzi zaka khumi ndi zinayi! Mantha onse a m'mawawo anachepa poyerekeza ndi mawu amenewo.

Patapita maola awiri namwino anati wodwala akuitana mlamu wake. Ndinalowa ndikukoka miyendo. Nkhope inali ikadali ngati ya munthu wina, koma ankapuma yekha. Anandigwira dzanja, mawu ali osasa.

"Ndamva zimene akunong'onezana," anatero. "Ndawauza kuti wofuna kukupha sakupakata njira yonse akulira mamina ali chuchuchu."

Amene anandikhulupirira ndi iye, amene ndinatsala pang'ono kumuika m'manda. Amuna anga anali ataima pakhomo, botolo likadali m'manja, ndipo nditawayang'ana anagwetsa maso pansi. Pobwerera kunyumba ndinakakhala kumpando wakumbuyo.