Laimu pa Khoma la Rafaeli

Jennifer anaima pakhomo chikwama chili m'manja, maso ali pakhoma. Khomalo linali loyera mbee kuchokera pansi mpaka kumalata, fungo la laimu lisanathe n'komwe.

"Anti, nyumba yake ndi yomweyi?"

A Petronela, mlongo wawo wamkulu wa malemu, anali chogwada akupinda mphasa zimene anthu anagonapo pasiwa. Sanadzutse mutu.

"Ndi yomweyi, mwanawe. Lowa ukhale pansi. Tiyi wamwa?"

Basi yochokera ku Joni inafera m'njira, ndiye Jennifer anafika ku Chilomoni bambo ake, a Rafaeli, ataikidwa kale dzulo lake. Kumanda anali atapitako m'mawa, analira mpaka mawu kusasa. Koma chimene chinamugwira mtima ulendo wonsewo chinali khomali. Pafoni bambo ake sankatha kulankhula osalitchula. "Ukadzabwera udzadzionera wekha. Ndakuika pamwamba penipeni pa Michiru."

Tinene zoona, a Rafaeli anali munthu wovuta kumufotokoza kwa alendo. Luso anali nalo, lolemba zikwangwani za masaluni ndi magolosale, moti akanafuna akanatsegula shopu m'tauni. Iwo ayi. Ntchito ankagwira kumayambiriro kwa sabata basi, masiku enawo n'kuphiri. Ankakwera Michiru zitini zili m'thumba, n'kutsika zitadzaza dothi: katondo wofiira, makande akuda, lina lachikasu la m'khwawa. Dothilo ankalisefa, kulisakaniza ndi utomoni, n'kumajambulira pakhoma la chipinda chawo chimodzichi. Katundu wawo? Mphasa, mbaula, kapu ndi nsapato za matayala. Atha pamenepo.

A Petronela ankachita nawo manyazi, ndipo sankabisa. Akabwera kudzawaona ankathera panja. Tsiku lomwe a Rafaeli anatsirizika kuchipatala m'pamene analowa m'nyumbamo, n'kuona khoma lonse lili mawangamawanga a dothi. Mtima wawo unathamangira kwa amayi akwaya ndi anthu a mumphakati amene ankabwera kudzagona pamaliro. Adzati chiyani? Kuti banja lonseli linasiya munthu azigona m'khola? Anasungunula laimu m'ndowa, natenga tsache, napaka okha. Thupi lisanachoke kumochale khoma linali litayera.

"Anti," Jennifer anafunsanso, "chithunzi chili kuti?"

"Tinkangokonza m'nyumba. Alendo, ukudziwa iwe…"

"Odi kuno!"

Anali a Yusuph, kalipentala wa nyumba yoyandikana nayo, mnzawo wa malemu wokwera naye phiri. Anabwera kudzatenga benchi imene anabwereketsa pamaliro. Anapepesa Jennifer ndi manja awiri. Khomalo sanaliyang'ane, ndipo kusayang'anako kunawawawa a Petronela kuposa chitonzo.

"Ankolo, inu munachiona?" anafunsa Jennifer.

"Ndinachiona, mwanangu." A Yusuph anakanda kuchibwano. "Bambo ako khoma ili ankalifufuta okha chaka ndi chaka mvula ikayamba, n'kuyambiranso. Ankati khoma ndi munda, susiya mapesi a chaka chatha."

A Petronela anapumira m'mwamba. Mtima unayamba kutsika. Kani mwini wake ankafufutanso!

"Koma chithunzi ichi chokha anakana," anapitiriza a Yusuph. "Chichokereni iwe, laimu sanamukhudzenso. Ankati Jenny asanachione, sichichoka."

Panja njinga yamoto inadutsa ikuliza hutala.

Jennifer anaviika nsonga ya chitenje chake m'ndowa ya madzi, nanyanyamphira kuti afikire pamwamba pakhoma, nayamba kupukuta pang'onopang'ono. Laimu anachoka, inde, koma anachokera limodzi ndi dothi la pansi pake. Panangotsala banga la matope lotsetsereka. Anasiya, mkono uli lende.

"Ndine," anatero a Petronela. "Palibe anandituma. Ndinapaka ndine, ndi manja angawa. Ndinkati ndi matope."

"Munayang'anako n'komwe, anti?"

"Sindinayang'ane, mwanawe."

Manyazi anawagwira osati masewera. Mayi wamkulu, woti kutchalitchi akaimirira anthu amakhala chete, anasowa poika nkhope pamaso pa mwana wa mlongo wawo. Jennifer sanawakalipire. Bwenzi atakalipa, bola.

A Yusuph ananyamula benchi yawo kuti azipita. Potembenuka, mwendo wa benchi unakola chitseko chimene chinali chotsegula chiyambire maliro, chitatsamira khoma. Chitsekocho chinabwerera chokha, n'kutsekeka.

"Ah!" anatero Jennifer.

Kuseri kwake laimu sanafikeko. A Petronela anapaka mothamanga, chitseko chili chotsegula kuti muziwala. Pamenepo panali tsinde la phiri, kanjira kofiira kokhotakhota, ndi kamtsikana kopanda nsapato, mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumsana. Mwanayo anali atatukula mutu, akuyang'ana kumtunda.

"Ndine uyu?" anafunsa Jennifer.

"Iwe unali pamwamba paja." A Yusuph anatsitsa benchi. "Awa ndi anti akowa. Bambo ako ankati phiri anayamba kulikwera ali kumsana kwa mlongo wawo, popita kunkhuni, atangosamuka kumene kuchokera ku Nsanje. Ankati amene anawaphunzitsa phiri ndi awa."

"Ine?" A Petronela anagwira pakamwa. "Ine ndinkangokatola nkhuni. Ankalemera ngati thumba la mchere, n'kumandikoka makutu njira yonse."

"Mwina munaiwala, mayi, koma iwo ayi. Chaka chilichonse khoma lonse ankalipaka laimu, koma akafika apa ankasiya burashi yaikulu, n'kutenga kakang'ono, n'kumazungulira m'mbali mwa mtsikanayu mosamala, kuopa kumudontheza."

A Petronela anayenda ndi mawondo mpaka pakhomapo. Anatambasula dzanja, lomwe lija linagwira tsache, nakhudza mwana wa kumsanayo ndi chala chimodzi. Katondo anawatsalira pachala. Mwachizolowezi anapita nacho kuchitenje kuti apukute, koma anaima panjira, nafumbata dzanjalo.