Nsapato za Atikonda

Mvula ya m'Malichi musamaikhulupirire, ngakhale iyambe ngati yongowaza. A Ida ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti m'minibasi ya ku Limbe sukhala kutsogolo, ndiponso kuti munthu wokupatsa moni kawiri pa depoti akufuna chikwama chako. Ana awo anakula ndi machenjezo amenewa m'makutu.

Nthawi ya namondwe wa Freddy ankakhala ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndi mwana wawo Atikonda, yemwe ankagulitsa nsalu m'sitolo ya a Usha ku Limbe. M'mawa wina mvula ili pakati, Atikonda anavala kuti azipita.

"Sukupita," anatero a Ida. "Mitsinje yadzaza, ukakokoloka iwe."

"Amayi, a Usha akandikalipira."

"Akalipe. Ukhala m'nyumba muno."

Mwanayo anangoseka n'kupita kukatsuka mkamwa. A Ida anatenga nsapato zake zakuntchito, kuziponya m'jumbo, n'kutuluka nazo kukagula makala kumsewu, kuti asazipeze. Ali kumsewuko anamva phiri likubangula. Matope ndi miyala zinatsika, nyumba n'kupita, Atikonda ali momwemo.

Mwana wawo wamwamuna, Clifton, anawatengera ku Sunnyside, kukanyumba kakuseri kwa ofesi yomwe amagwira ntchito yaukhukhi. Kumeneko mipanda ndi yaitali, moni sudumpha. Masana a Ida ankakhala pakhonde okhaokha, kuyang'ana akhwangwala m'mitengo. Pakamwa anatseka. Clifton akasiya mbaula pafupi ndi katani, a Ida ankaona, koma ankangoyang'ana kumbali. Achenjezenso ndani ndi pakamwa pomwe paja?

Ku Misa ankapita, koma ankakhala benchi yomaliza. Anzawo akamanyamuka kukalandira Ukaristiya, iwo ankayang'ana zala zakumapazi. Manja amene anabisa nsapato aja awatambasule pamaso pa Yesu? Ayi ndithu. Za nsapatozo sanauze munthu, ngakhale Clifton. Zinali pansi pa bedi, m'jumbo yomwe ija.

Zaka zinadutsa choncho. Lachitatu lina, dzuwa likuswa mtengo, anatenga jumboyo n'kulowera kutchalitchi, akudziwa kuti pakati pa sabata mulibe anthu. Anaika nsapatozo patsogolo pa guwa n'kugwada.

"Kaunjika wa osauka timalandira Loweruka, achemwali."

Anali mayi wachikulire wosesa m'tchalitchimo, dzina lake Ethel, tsache lili m'manja.

"Si kaunjika," anatero a Ida. "Ndi za mwana wanga."

A Ethel anatsamiritsa tsache pabenchi n'kukhala. Mwina chifukwa anali munthu wachilendo, a Ida anafotokoza zonse, kuyambira makala mpaka phiri. Anayembekezera kuti mayiyo asunthira kutali.

"Wanga anali Jacob," anatero a Ethel. "Ankagwira ntchito kufakitale ku Makata. Tsiku lomwelo anati, amayi, mvulayi ndigone. Ine ndinati dzuka, ulesi uli pa iwewo, ntchito ikasowa udya chiyani? Ndinampatsa ndi ambulera yanga. Madzi anamutenga pamlatho."

A Ida anawayang'anitsitsa.

"Inu munamuuza kuti apite?"

"Ine ndinati pita, inu munati khala. Taonani tonse tili muno ndi maondo otupa."

"Ndiye Mulungu ankafuna titani?"

"Kaya. Ine ndinamufunsa mpaka mawu kusasa. Chimene ndinamva n'chakuti ine ndine mayi chabe. Za mawa sanandionetse, ndipo sandifunsa ngati kuti ndinaziona." A Ethel anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Mukanene kwa ansembe ngati mukufuna. Koma akakufunsani kuti tchimo lake lili pati, mukayankhe nokha."

"Ndinamutsekera njira."

"Munamukonda, achemwali. Yesu akudziwa zimene zinali mumtima mwanu potenga jumbo ija. Mukuganiza kuti amangoona manja?"

A Ida analira kulira kumene sanalire pamaliro. A Ethel sanawatonthoze. Ananyamuka n'kupitiriza kusesa, kuzungulira nsapatozo bwinobwino. Atamaliza anati: "Zitengeni, musazisiye pano, ena angavale. Ndi za mwana wanu, si umboni wa mlandu."

Loweruka a Ida anapita kukalapa. Zimene ananena ndi ansembe ndi zawo.

Lamulungu anakhala pabenchi yawo yomaliza ija. Anamwaza maso kufuna a Ethel, koma sanawaone. Mwina amabwera Misa ya m'mawa. Nyimbo ya Ukaristiya inayamba, anthu n'kunyamuka benchi ndi benchi. A Ida anakhalabe pabenchi. Mzere unafupika, unafupika, mpaka munthu womaliza analandira. Ansembe anayamba kutembenuka.

Pamenepo a Ida anaimirira. Tchalitchi n'chachitali, ndipo anayenda okha pakati pake, patapata zikumveka pa simenti, anthu akucheuka. Ansembe anaima n'kudikira. A Ida anatambasula manja.

"Thupi la Khristu."

"Amen," anatero a Ida.