Tsiku Limene Muvi Sunasunthe

Mtsikanayo anatsika mu lole ya matabwa dzuwa likuyamba kuluma. Anavala chipewa chachikulu chobisa nkhope, ndipo sanafunse njira kwa munthu. Anadutsa ofesi ya kampani ya mitengo, anadutsa shedi ya macheka, n'kukaima pansi pa chikwangwani cha moto ngati munthu amene wafika kumene amapita.

Chikwangwanicho chinali ndi mitundu itatu, wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, ndipo pakati panali muvi wachitsulo. Muviwo ukaloza pobiriwira, antchito ankaloledwa kutentha udzu m'njira zotchingira moto zozungulira nkhalango ya paini. Ukaloza pofiira, ngakhale ndudu sinkayatsidwa. Wosuntha muviwo anali kalaliki woyeza nyengo, amene aliyense ankangomutchula kuti Anyengo.

"Tikuthandizeni, asisi?" anafunsa Anyengo ali pakhomo pa kaofesi kake.

"Ndinu mumasuntha muviwu?"

"Ndine."

"Tsiku lililonse?"

Anyengo anayang'ana muviwo. "Tsiku lililonse."

Kuseri kwa mtsikanayo kunkaoneka phiri lakuda bii. Panali patapita masabata awiri chipsereni phirilo. Linali Lachiwiri, muvi uli pobiriwira, pamene a kapitawo ndi gulu lawo anayatsa udzu m'njira ya kumunsi. Masana mphepo inatembenuka, moto unalumpha njirayo n'kukwera phiri, ndipo paini wa zaka khumi ndi zisanu anatha dzuwa lisanapendeke. A kapitawo anapsa manja onse awiri pokoka wantchito amene anagwa mu utsi. Tsopano anali m'chipatala. Lachisanu akuluakulu a kampani ankayembekezeka kukhala pansi kuti aweruze, ndipo aliyense ankadziwa kumene mlandu ukupita. Buku la Anyengo linkasonyeza kuti tsikulo kunja kunali kofatsa. Moto ukapulumuka kunja kuli kofatsa, ndiye kuti kapitawo anatayirira. Ntchito ithe, nyumba ya kampani atulukemo, patangotsala chaka chimodzi kuti apume.

"Ndimafuna ndione mmene mumayezera," anatero mtsikanayo. "Kapena ndi chinsinsi?"

"Mwatumidwa ndi ku likulu?"

"Ndikuoneka ngati wa ku likulu? Taonani fumbi kumapaziku."

Anyengo anamutengera kuseri kwa ofesi, pa kabokosi koyera ka matabwa. Mkati munali timachubu tiwiri toyezera kutentha, kena kokulungidwa kansalu kumunsi. Anadonthezera madzi pa kansaluko.

"Mpweya ukakhala wouma umamwa madziwa msanga, ndiye kachubu aka kamazizira kusiya kanzake. Manambala awiriwa akatalikirana kwambiri, dziwani kuti udzu wasanduka palafini. Ndikatero ndimayang'ana tizikapu tozungulira padenga apo, ndidziwe liwiro la mphepo. Kutentha, kuuma, mphepo. Atatuwa akapangana, moto wa machesi amodzi umathamanga kuposa njinga, makamaka ukamakwera mtunda."

"Ndiye mumayeza nthawi yanji?"

"Leveni koloko, gulu lisanayatse."

Mtsikanayo anakankhira chipewa kumbuyo pang'ono kuti aone bwino manambala. Anali ndi maso a munthu amene sanagone masiku angapo, koma anali maso okongola, ndipo Anyengo anadzida poona kuti mtima wake wayamba kale zake zija.

Masana anapita kukamwa tiyi pageti, pa kanyumba ka achemwali ake aakulu. Iwo anali ataona zonse.

"Ndiye mlamu wathu wa chipewa uja ndi wa kuti?"

"Sindikumudziwa, achemwali. Ngakhale dzina wakana."

"Iwe nawe, chilichonse chovala siketi umachiyesa chakugwera kumwamba. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, uzisamala ndevu." Anamuikira kapu patsogolo n'kutsitsa mawu. "Lachiwiri lija ndinakuona ukukwera njinga teni koloko, utavala malaya a tchalitchi. Sindinauze munthu. Nawenso tseka pakamwa mpaka Lachisanu lidutse."

"A kapitawo ndi amene anandipezera ntchitoyi."

"Ndikudziwa. Koma ukalankhula, manja awo amera khungu latsopano? Imwa tiyi akuzizira."

Anyengo anamwa, koma sanamve shuga.

Mawa lake mtsikanayo anabweranso pa lole yomweyo. Anapempha kuti anyowetse yekha kansalu, anawerenga manambala osalakwitsa, ndipo anathandiza kukankhira muvi pachikasu. Antchito odutsa anayamba kumutchula kuti Nachipewa, iye n'kumangoseka. Kenako anapempha buku.

"Si lowerenga alendo," anatero Anyengo.

"Muli makalata achikondi?"

Anamupatsa. Anaima pawindo akumva mapepala akutembenuzidwa limodzilimodzi kubwerera m'mbuyo. Phokosolo litasiya, anadziwa tsamba limene mtsikanayo waimapo.

"Nyengo imabereka mapasa?" anafunsa mtsikanayo.

"Bwanji?"

"Lolemba ndi Lachiwiri. Kutentha chimodzimodzi, chinyezi chimodzimodzi, mphepo chimodzimodzi. Masamba ena onsewa palibe masiku awiri ofanana."

"Zimachitika."

"Mwina. Ine sindinaphunzire zimenezi." Anatseka bukulo mofatsa. "Kungoti munthu wina anandiuza kuti m'mawa umenewo kunalibe mame ngakhale dontho. Akuti udzu unkathyoka pansi pa jombo ngati mafupa a nsomba, milomo n'kumang'ambika. Akuti khungu lake linkamuuza kuti lero si tsiku loyatsa. Koma atayang'ana muvi anati, ndakalamba ine, mwana uja ali ndi zipangizo."

"Ndani ameneyo?"

"Lole yanga ikundisiya," anatero, n'kutuluka.

Madzulo amenewo Anyengo anakwera phiri lopsa lija yekha. Phulusa linkalowa m'nsapato. Mitengo inaima yakuda, yopanda nthambi, ndipo panalibe mbalame ngakhale imodzi. Pamalo pamene moto unalumphira anapeza chitsulo cha fosholo, mpini wake utapseratu. Kawiri konse sabata imeneyo anali atafika pageti la chipatala atanyamula malalanje, kawiri konse anabwerera nawo. Sankaopa kukalipiridwa. Ankaopa kuti a kapitawo amulandira bwino.

Lachinayi kunacha kotentha, kumwamba kuli mbee, mphepo youma ikukokolola masamba pabwalo. Mtsikanayo anamupeza ataima pa kabokosi koyera, botolo la madzi lili m'manja.

"Lero zikuti bwanji?" anafunsa.

"Pofiira. Tayang'anani mmene manambala atalikirana." Anatseka botolo lija. "Lachiwiri lija kunali chonchi. Mwinanso kuposa apa."

Mtsikanayo anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Sindinayeze. Panali mtsikana wina amene tinkalemberana. Anati afika pa basi ya hafu teni, ndikamuchingamire. Ndinati ndithamanga, leveni koloko indipeza ndabwerako. Ndinakopera manambala a dzulo lake m'buku, muvi ndinausiya pamene unagona. Basi inafika, iye munalibe. Ndinadikira yachiwiri. Ndinadikira yachitatu. Utsi ndinauonera pa siteji."

"Anabwera?"

"Sanabwere. Mpaka lero."

"Ndiye phiri lonse lija linapsera munthu amene sanakwere n'komwe basi."

"Eya."

Anayembekezera kuti amutukwana, kapena atulutsa kachiphaso ka ku likulu m'chikwama. Koma mtsikanayo anangokhala pa mwala, n'kuvula chipewa kwa nthawi yoyamba, n'kuchiika pamaondo.

"Mwandiuziranji? Ine ndine munthu wongodutsa."

"Chifukwa mumadziwa kale."

"Kudziwa kwanga kulibe ntchito. Mawa akuluakulu akawerenga buku, sakawerenga nkhope yanga."

Anyengo anapita kukasuntha muvi. Chitsulocho chinalira pokwera, ndipo antchito amene anali atanyamula kale zoyatsira anazitula pansi akung'ung'udza. Atabwerera mu ofesi anang'amba pepala pakati pa kope n'kuyamba kulemba. Analemba tsiku, nthawi imene anachoka, nthawi imene anabwerera. Analemba kuti manambala a Lachiwiri ndi abodza, ndipo a kapitawo anayatsa moto pokhulupirira muvi umene iye sanaukhudze. Za basi sanafune kulemba, koma anaona kuti akafunsidwabe, ndiye analemba.

Achemwali ake anatulukira pakhomo ndi kapu ya tiyi. Anayang'ana pepala, anayang'ana mlendo, anayang'ana mlongo wawo.

"Wayamba kudzikumbira dzenje?"

"Ndinakumba kale, achemwali. Kungoti m'dzenjemo munagwera munthu wina."

Anaika kapu pa tebulo mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira. Anafika pakhomo, n'kuima osatembenuka.

"Ukachotsedwa, uzidzatsuka makapu kwanga. Koma malaya a tchalitchi aja usadzavale, angandithawitsire makasitomala."

Atachoka, Anyengo anasayina pansi pa pepalalo.

"Kalata ngati iyi imafuna mboni," anatero. "Munthu woti anandiona ndikulemba popanda wondikakamiza. Mungavomere?"

"Sindikudziwa ngati umboni wanga angaulandire."

"Chifukwa?"

Mtsikanayo anazunguza chipewa m'manja. "Chifukwa ndine amene ndimawadyetsa phala ndi supuni m'mawa uliwonse ndisanakwere lole. Ndimakhala kutauni, n'chifukwa chake simundidziwa. Ndine mwana wa a kapitawo."

Anyengo anatula cholembera pa tebulo.

"Anakutumani?"

"Sakudziwa kuti ndimabwera kuno. Amayesa ndimapita kumsika. Iwo anavomera kale kuti kulakwa n'kwawo, akuti ukalamba wawagonthetsa khungu. Nditawafunsa za inu anandikalipira. Akuti mwana uja sanaphonyepo tsiku chiyambire." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinabwera kuti ndikuoneni, ndikudeni bwinobwino. Ndiye mwandisokoneza ndi tizikapu tanu tozungulira."

"Pepani."

"Pepani ameneyo si wanga. Kalatayi mukapereke kwa a manijala panopa, musanasinthe maganizo. Mukatero tikwere lole ya thuu koloko. Nthawi yoona odwala imayamba folo."

"Akandiona adzati chiyani?"

"Sindikudziwa. Mwina akuthamangitsani. Mwina akupatsani mpando, zimene zili zowawa kuposa. Koma mukawauze nokha, asamvere kwa akuluakulu mawa."

Kunja mphepo inadzutsa kamvuluvulu wa phulusa kuchokera kuphiri, n'kumumwaza pa madenga. Anyengo anakokera pepala pafupi n'kulemba mawu oti mboni pansi pa dzina lake. Anasiya cholembera chili m'mwamba.

"Alandire, asalandire, ndilembabe. Koma sindingalembe kuti Nachipewa."

Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyeza ngati munthuyu akuyenera kupatsidwa kanthu kalikonse.

"Lembani kuti Felesiya," anatero.