Mwala Wakuda Pakati

Amisiri ankayang'ana miyala cham'mbali, mutu atapendeketsa ngati nkhuku, ndipo makasitomala ankanong'onezana kuti ukatswiri ndi umenewo. Ukatswiri wa kuti! Maso ndiwo ankafa. Kwa chaka ndi miyezi inayi, chilichonse chimene ankachiyang'ana mwachindunji chinkada bii pakati, n'kutsala m'mphepete mokha. Pankhope ya munthu ankaonapo makutu ndi tsitsi basi. Dokotala wa maso anawauza mosapsatira kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi mdima woti uzingokula. Kalata yake anaipinda kanayi n'kuibisa m'dilowa, pansi pa zipangizo. Sanauze munthu. Mayi mwini sitolo ya mphete imene ankagwiramo ntchito akanadziwa, akanawathokoza ndi mawu okoma n'kuwapumitsa ntchito ndi mphatso ya wotchi ya pakhoma yoti sangaione n'komwe.

Ntchito inkayendabe chifukwa zala zinkadziwa njira. Zaka makumi anayi akuika dayamondi pa mphete, ankatha kupinda timano togwira mwala atatsinzina. Mapepala okulungira miyala anawapinda ngodya mosiyanasiyana kuti aziwazindikira pongokhudza.

Koma amene ankamuopa kwenikweni sanali mwini sitolo ayi. Anali mwana wawo yekhayo, wamkazi. Mayi ake atamwalira, mtsikanayo anakulira m'kachipinda ka kuseri kwa sitoloko, akumakhala pa bokosi akaweruka kusukulu, miyendo ili lendelende. Ndi mmenemo mmene anamulonjeza, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kuti mwala wa pa mphete yake ya ukwati adzasankha ndi iwo, ndi maso awo. Tsopano anali mphunzitsi, ndipo bambo akewo ankamutchula kuti Aphunzitsi pomuseka. Loweruka likudzalo ankayenera kubwera ndi mwamuna wake wodzamukwatira kudzasankha mwalawo.

Mwala wake anali nawo kale. Unafika zaka zitatu zapitazo maso adakali bwino, wozungulira, wosakula kwenikweni, koma utangotuluka m'pepala Amisiri anaiwala kumeza malovu. Anaubisa kumapeto kwa sefa, bokosi lachitsulo lokhomeramo miyala, ndipo aliyense wowufunsa ankamuuza kuti uli ndi mwini.

Lachisanu masana anakonza thireyi. Kumanzere anaika wabwinowo. Pakati anaika wa ngodya zinayi, wosemedwa ngati masitepe. Kumanja anaika wina wozunguliranso, wofanana pamwamba ndi woyamba uja, umene iwo ankautcha Chitsime. Chinali chizolowezi chawo chimenecho: pambali pa mwala wabwino ankaikapo woipa, kuti wogula aone yekha kusiyana kwake. Anabwereza chamumtima ngati mwana wasukulu: kumanzere wabwino, kumanja Chitsime.

Loweruka m'mawa awiriwo anafika. Mkamwiniyo anali munthu wabwino ndithu, wogulitsa inshuwalansi, koma pakamwa! Amisiri mumtima ankamutcha Wailesi. Anayamba kuyankhula asanatseke n'chitseko chomwe.

"Bambo, ine ndawerenga zonse pa foni. Chachikulu ndi kulemera. Mwala ukalemera ndiye kuti zatheka."

"Khalani pansi, akamwini," anatero Amisiri. "Njerwa imalemeranso."

Mtsikanayo anaseka, ndipo Amisiri mtima unakhala m'malo pang'ono. Anavundukula thireyi.

"Dayamondi alibe kuwala kwakekwake," anayamba. "Amalandira kuwala pamwambapa n'kukubweza. Kunsi kwake kuli timbali tambirimbiri tonga magalasi. Wosema akakhoza, kuwala kumalowa, kugunda mbali iyi, kugunda iyo, n'kubwerera m'diso mwanu. Akausema wosaya kwambiri, kuwala kumangodutsa, pakati pamachita mbuu ngati diso la nsomba. Akachita umbombo, kuopa kutaya kulemera, n'kuusiya wozama, kuwala kumathawira m'mbali. Pakati pamada."

"Koma onsewa akuthwanima chimodzimodzi," anatero Wailesi.

"Ndi magetsi a m'sitolo awa. Pansi pa magetsi amenewa ngakhale botolo losweka limaoneka la mtengo wapatali. Kodi kunyumba kwanu muli ndi mababu makumi awiri kudenga?"

"Nanga wa pakatiwu, Ababa?" anafunsa mtsikanayo. Ankadziwa yankho, ankangofuna kuwamva akunena.

"Uwu suthwanima, umangowala phee ngati mawindo otsuka. Ndi wa anthu ofatsa. Komanso subisa chilema, kadontho kalikonse kamaonekera. Wozungulira ndiye uli ndi moto, umawaza timitundu ta utawaleza ukangosuntha dzanja. Iwe si wofatsa, Aphunzitsi. Uli ngati mayi ako."

Nthawi yomweyo mayi mwini sitolo anaitana ali kuseri kuti kiyi wa sefa wakakamira. Amisiri anapita, analimbana naye mwina mphindi zitatu zokha. Pobwerera anapeza Wailesi akuika pansi kachitsulo kopanira miyala.

"Ndimangoijambula, bambo, kuti achemwali anga aone. Ndaibwezera bwinobwino."

Amisiri anathamangira pa thireyi. "Mmene inalili?"

"Ndendende."

Anapendeketsa mutu. Wa ngodya unali pakati, yozungulira ili uku ndi uku. Yonse itatu inali yakuda pakati, monga chilichonse masiku amenewo, m'mphepete muli waliwali. Akanatha kuitola n'kuikhudza, zala zikanawauza. Koma mmisiri wa dayamondi sapapasa mwala ndi zala pamaso pa kasitomala ngati akusankha nyemba, ndipo mwana wawoyo ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Anatenga kagalasi kokuzira kamene kankalendewera m'khosi mwawo, anakaika padiso, anawerama pa mwala uliwonse nthawi yokwanira kuti zioneke ngati ntchito. Kenako analoza kumanzere.

"Uwu."

"Eya!" anatero Wailesi. "Inenso mtima wanga unali pomwepo."

Mtsikanayo anawerama pa thireyi. Amisiri anamva kachitsulo kaja kakutoledwa. Cham'mbali mwa diso anaona dzanja lake likuphimba mwalawo pamwamba kuti magetsi asaufike. Anamuphunzitsa okha zimenezo ali pa bokosi paja: ubise ku magetsi, wabwino umawalabe mumthunzi, woipa umafa. Mtsikanayo anakhalitsa ataphimba. Anauika pansi, anatola wa kumanja, anauphimbanso. Kenako anabwerera ku woyamba uja.

"Ababa, mwauona bwino?"

Mantha amatuluka ngati ukali mwa anthu ena, ndipo Amisiri anali mmodzi wa iwo. "Iwe! Zaka makumi anayi ndili pa ntchito imeneyi, usanabadwe n'komwe. Ukufuna kundiphunzitsa lero? Ana a sukulu akuchepera?"

Wailesi anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za bambo ndi mwana. Mtsikanayo sanaseke.

"Ayi, Ababa. Titenga womwewu."

Mawu ake anali otsika, ngati wadwala chimfine mwadzidzidzi. Potsanzika anawagwira dzanja ndi manja onse awiri nthawi yaitali, chinthu chimene sankachita. Amisiri anaganiza kuti ndi za ukwati, atsikana amakhala choncho. Anakulunga mwalawo m'pepala ndi kachitsulo, osaukhudza, ali ndi mtima wa munthu amene wawoloka msewu galimoto itamuphonya pang'ono.

Lolemba m'mawa anakhala pa tebulo lawo m'kachipinda kaja. Mphete anali ataikonza kale, yoyezera mwala wabwino uja, timano tinayi tili chilili kudikira. Anaika mwalawo pakati. Sunakhazikike. Anautembenuza, anaukankha pang'ono, ukugwederabe. Anapisa chala chaching'ono m'kati mwa mpheteyo, ndipo nsonga ya mwala inawabaya. Inali itatulukira kunsi.

Anautulutsa n'kuugudubuza pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Mimba yake inali yaitali, yozama. Chitsime.

M'sitolo munkamveka mwini wake akupukuta magalasi. Za Wailesi sanaziganizire n'komwe, munthu wosadziwa anangosinthanitsa timiyala tiwiri tofanana. Chimene chinawabwerera chinali dzanja lija litaphimba mwala. Mwanayo anaona mdima uli pakati pa mwalawo, anaona moto uli mwa winawo, anamva bambo ake akusankha mdimawo ndi mawu odzitama. Ndipo iwo anamukalipira. Manyazi anawagwira mpaka makutu kutentha, ndipo analira pang'ono, mosamveka, atavundikira nkhope ndi kansalu kopukutira golide.

Kenako anachita chokhacho chimene akanatha. Anatulutsa mwala wabwino uja m'sefa, anaukhudza ndi zala mopanda manyazi tsopano, anauika pa mphete. Unakhala pamalo pake mwakamodzi. Anapinda timano tonse tinayi, anasalaza, anapukuta. Sanagwirepo ntchito yabwino choncho chaka chonsecho.

Mtsikanayo anabwera Lachitatu masana ataweruka, yekha. Analowa kuseri osagogoda monga kale, ndipo anakhala pa bokosi lomwe lija, limene tsopano linkamuchepera. Amisiri anamupatsa kabokosi ka mpheteyo. Anamva chivundikiro chikutseguka. Anaona dzanja likuphimba.

"Mwasintha," anatero mtsikanayo.

"Ndasintha."

Kunja galimoto inaliza hutala, ina n'kuyankha.

"Unaona," anatero Amisiri.

"Ndinaona, Ababa."

"Bwanji sunanene?"

"Pamaso pa mkamwini wanu? Mwini sitolo ali apa?" Anapuma. "Ndikanavala womwewo. Ndinali nditaganiza kale kuti ndidzavala womwewo mpaka kalekale, osauza munthu."

Zimenezi ndizo zinawapweteka koposa, kuti mwanayo anali wokonzeka kuyenda ndi mwala wakufa pachala moyo wake wonse pofuna kuwasungira ulemu. Anatsegula dilowa, anapapasa pansi pa zipangizo, n'kumupatsa kalata ya dokotala. Pepalalo linalira potambasulidwa. Anawerenga nthawi yaitali kuposa kutalika kwa kalatayo.

"Chaka ndi miyezi inayi," anatero. "Mumadutsa msewu waukuluwo nokha tsiku lililonse. Mumaphika nokha. Ababa, koma inu!" Kenako anafunsa motsitsa, "Nanga ineyo mukundiona?"

Amisiri anamuyang'ana mwachindunji. Tsitsi, makutu, ndolo zimene anamupangira atakhoza mayeso. Pakati palibe. Anapendeketsa mutu monga ankachitira ndi miyala, ndipo nkhopeyo inatulukira pang'ono m'mbali mwa diso, yachimbuuzi, yonyowa.

"Ndikatere ndimakuona pang'ono."

"Nanga pa ukwati?"

"Adokotala akuti pofika nthawi imeneyo sakudziwa."

Mtsikanayo anapukuta mphuno. Anavala mpheteyo, Amisiri anamva ikudutsa pa mfundo ya chala bwinobwino, muyezo sanaphonye. Panali chinthu chimene Amisiri ankafuna kufunsa, ndipo chinali cholemera kuchitulutsa, chifukwa zaka makumi anayi anthu ndiwo ankawafunsa iwo funso limenelo.

"Aphunzitsi," anatero potsiriza. "Tauphimbanso. Undiuze."

Dzanja linakwera.

"Ukuwala, Ababa. M'mphepete monse muli timoto. Ndikasuntha chonchi pakutuluka kabuluu, kenako kofiira, kenako koyera kwambiri. Ukuphethira ngati wamoyo."

"Nanga pakati?"

"Pakati pomwe. Palibe pakuda ngakhale pang'ono."

Amisiri anagwedeza mutu, maso ali kukhoma. Ndi mmene ankaukumbukirira. Anavula chingwe cha kagalasi kokuzira m'khosi, anachikulunga pa zala kawiri, n'kuika kagalasiko m'dilowa pamene panali kalata paja.

"Tandiitanira mayi mwini sitolo," anatero. "Ukatero undidikire, undiwolotse msewu."