Mzere Wosachonga

Queen anafika pa nambala 31 ya mndandanda wa mabuku n'kuima. Mabenchi a mpingo amene anabwerekedwa pa maliro anali adakali pabwalo, ndipo mapepala a malemu mkulu wake anawayala pa benchi limodzi, atawapsinja ndi mwala.

"Ili palibe," anatero.

Violet, mkulu wakeyo, anali mphunzitsi pa pulayimale ina kufupi ndi Nsaru. Anamwalira atatsala pang'ono kumaliza digiri. Kafukufuku wake anali wa ana a otizimu, onga mwana wake Tiyanjane, amene wafika zaka khumi ndi zisanu osalankhula. A ku koleji ananena kuti pepala la kafukufukuyo likafika Lachisanu lili lathunthu, digiri idzaperekedwa m'dzina la malemu. Chimene chinatsala ndi kutsimikiza mndandanda wa kumapeto, wa mabuku onse amene Violet anawatchula.

Violet anali ndi chizolowezi. Buku limene waliona ndi maso ake ankalichonga ndi bolopeni yofiira, yomwe ija ankachongera makope a ana. Mizere yonse inali yochonga, kupatula umodzi.

"Sakanso. Netiweki ya kuno ukuidziwa," anatero Hudson, mlongo wawo wamkulu.

"Ndasaka kuyambira dzulo, achimwene. Magazini imene anaitchulayo ilipo, chaka chake chiliponso. Koma pa masamba amenewo pali nkhani ya malungo. Dzina la wolembayo silikupezeka paliponse. Kodi analitenga kuti?"

Hudson anayang'ana kumunda wa fodya.

"Ndinamupatsa ndine. Ali m'chipatala ankafuna chiwerengero cha ana otere m'midzi ya kuno. Ndinafunsa pulogalamu ya pafoni ija imayankha mafunso. Inandipatsa zonse, dzina, chaka, ngakhale tsamba."

"Inakunamizani bwino, eti."

"Usandilankhule ngati ndili sitandade wanu."

"Mutu wachiwiri wonse watsamira pa chiwerengero chimenecho," Queen anatero. "Tikachichotsa, mutuwo ulembedwenso. Lachisanu sitikwanitsa, ndipo a ku koleji sananene kuti adikira."

"Ndiye chisiye. Ndani wa ku koleji angakhale pansi kufufuza nambala 31? Munthu wakwera maminibasi zaka zinayi, Nsaru, Lilongwe, Nsaru, Lilongwe. Timumane digiri ali m'manda chifukwa cha mzere umodzi?"

Gideoni, mwamuna wa malemu, anali pakhonde ndi Tiyanjane. Mtsikanayo ankandandalika masupuni otsala pa maliro, aakulu paokha, aang'ono paokha, ndipo bambo ake ankamupatsira imodziimodzi. Gideoni sukulu anailekezera sitandade 6.

"Alamu, weruzani ndinu," Hudson anatero. "Anali mkazi wanu."

Gideoni anabwera n'kutenga pepalalo. Chingerezi chimene chinali pamenepo sanavutike nacho. Analitembenuza.

"Mayi a Tiyanjane ankakonda kulemba kumbuyo," anatero. "Ngakhale pa kalendala."

Kumbuyoko kunali mawu a Chichewa. Zilembo zake zinali zopendekeka, za munthu wolembera pabedi. Gideoni anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu.

"31. Sindinalione. Lisapite chonchi. Ndifunse achimwene, koma pa awiri, angachite manyazi."

Queen anayamba kusonkhanitsa mapepala ena, maso ali pansi. Pakhonde supuni imodzi inagwa, Tiyanjane n'kuibwezera pamalo pake.

Hudson anapempha pepalalo. Anawerenga yekha, n'kubwerezanso. Kenako anafunsa kumene kunali chikwama cha Violet.

Gideoni analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bolopeni yofiira ija, chivindikiro chake chili chotafunidwa. Hudson anatsamiritsa pepala pabondo, nadula mzere pa nambala 31 kuchokera ku dzina mpaka ku tsamba.

"Aimbire a ku koleji," anauza Queen. "Uwauze kuti Lachisanu sitibwera. Akafunsa chifukwa, undipatse foniyo."