Galu Amene Adasenza Mlandu

Alinesi adali atawerama pa mpukutu wa waya m'sitolo ya a Arvind ku Old Town pamene munthu wina adamulankhula kumbuyo.

"Alamu, mwayamba kumanga ndende?"

Adali Twahir, mnzake wa mwamuna wake Nebert. Awiriwa ankagwira ntchito mu ofesi imodzi ku Capital Hill.

"Ndi wa khola la nkhuku uyu, alamu. Galu wathu uja wasanduka fisi. Nkhuku akundithera, ndiye wang'amba ndi waya womwe."

"Pepani. Koma kuweta mumatha, mayi inu. Tambala wofiira uja mafuta ake amachita kuzimitsa makala."

Alinesi adaweramuka pang'onopang'ono. Tambala wofiira ndiye adali woyamba pa nkhuku zimene Nebert adati zidagwidwa ndi galu.

"Munadya nawo?"

"Kudya kokha? Wozinga ndinali ine. Paja sindidya nyama yozinga aliyense, ndiye achimwene amangondipatsa mpeni. Muli kumudzi muja, Loweruka lililonse mpira timaonera kwanu. Anati munasiya mawu kuti alendo asamabwerere ndi njala."

"Nanga mitu ndi matumbo zimapita kuti?"

"Kwa galu. Achimwene amati zisaoneke m'dzala. Amachita kuwakha m'malere, mwana wa galu uja." Twahir adaseka, kenaka adayang'ana nkhope ya Alinesi n'kusiya. "Kodi ndalankhula zosayenera?"

"Ayi, alamu. Mwalankhula bwino."

M'minibasi yopita ku Area 47, Alinesi adakhala waya ali pamiyendo. Galuyo, Juba, adabwera pakhomo mu 2021 ali kamwana. Alinesi adamuphunzitsa yekha. Ankamutengera pachingwe pakati pa nkhuku m'mawa uliwonse mpaka adasiya kuzithamangitsa, ndipo thadzi la anapiye litamujompha pamphuno, Juba adadziwa malire ake. Lamulo la pakhomo lidali limodzi, Nebert ankalidziwa: galu asalawe nkhuku yaiwisi, ngakhale chikungwa cha dzira. Kwa zaka zitatu nkhuku zinkatola nyenyeswa m'mbale ya Juba, iye akupirikitsa amphaka ndi akhwangwala.

Kumayambiriro kwa Meyi 2024 Alinesi adapita ku Nathenje kukadwazika mayi ake. Atabwerako kumapeto kwa Juni adapeza nkhuku zisanu ndi imodzi kulibe. Nebert adamuonetsa nthenga m'mbali mwa mpanda n'kunena kuti ndi galu. Alinesi adakana, adakangana naye mpaka mawu kusasa. Koma Lachiwiri lotsatira adaona ndi maso ake Juba akutuluka m'khola, msoti uli kukamwa. Adamukwapula ndi payipi yothirira maluwa. Adamumangirira msoti wakufawo m'khosi, monga amachitira anthu pofuna kuti galu anyansidwe ndi nkhuku, n'kumuika pa tcheni patsinde pa gwafa. Kenaka adapepesa mwamuna wake chifukwa chomukayikira, ndipo adagwirizana kuti Ackson, msuweni wa Alinesi, adzatenge galuyo Loweruka akalondere chigafa cha fodya kumudzi. Loweruka lake lidali lomweli.

Atafika kunyumba, Alinesi adapeza Nebert akutsuka galimoto, wailesi ikuimba.

"Mwabwera ndi waya, mayi a Tamando? Mwataya ndalama. Chigawenga chikupita lero."

"A Twahir akupatsani moni."

"Mwakumana kuti?"

"Kwa a Arvind. Akuti tambala wofiira anali wonona."

Nebert adafinya nsanza kwa nthawi yaitali ngakhale madzi adali atatha.

"Twahir amalankhula kwambiri."

"Zinalipo zingati, bambo a Tamando?"

"Anali alendo. Mumafuna ndiwapatse chiyani, bonya? Anthu a ku ofesi?"

"Mukanandiimbira foni. Ndikanakana ziwiri, ndikanalola zinayi. Ndinayamba ndakumanani nkhuku ine?"

"Munali ndi matenda. Sindinafune kukuvutitsani."

"Ndiye munavutitsa galu."

Nebert adazimitsa wailesi. "Koma tisanamizane. Msoti uja munamuona nokha. Ndinamutuma ine?"

"Munamuphunzitsa. Masabata onse aja mukumuponyera mitu ya magazi kuti ndisapeze umboni m'dzala, mumati aphunzira kuimba kwaya? Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Pano zodya akulu zapota galu."

"Ndi galu chabe, mayi a Tamando."

"Pamene ndimamukwapula inu munali pakhondepo, kapu ya tiyi m'manja. Munati ndionjezere. Madzulo ake ndinakugwadirani kupepesa, inu n'kunena kuti mwandikhululukira."

Nebert adayang'ana matayala. "Chabwino, ndinalakwa. Koma madzi akatayika saoleka. Galu akalawa nkhuku sasiya, mukudziwa inu nomwe. Awiriwa sangakhalenso bwalo limodzi."

"Apo ndiye mwanena zoona."

Belu la njinga lidalira pageti. Ackson adalowa akukankha njinga yake, chingwe cha sisala atakulunga pa hendulo.

"Muli bwanji achemwali? Alamu, galimoto ikuwala ngati ya ukwati. Ali kuti mkaidi wathu? Ndikufuna ndidutse pa Bwalo la Njovu dzuwa lisanapendeke."

"Chingwecho sunga, Ackson," adatero Alinesi. "Kuseri kuli madengu awiri. Tiye undithandize kugwira nkhuku."

"Nkhuku? Paja munati galu."

"Ndasintha. Ukazipereke kwa amayi. Zikaswa, anapiye mudzagawane."

"Zonse?" adafunsa Nebert. "Nanga mazira a Tamando? Mwana akabwera ku holide adya chiyani? Mwaziweta zaka zisanu nkhuku zimenezi."

"Mazira amagulitsa pa golosale. Anzanu akabwera kudzaonera mpira, msika wa nkhuku mukuudziwa."

Ackson adayang'ana uyu, adayang'ana uyo, n'kuona kuti si nkhani yofunsa. Adatsamiritsa njinga pa mpanda n'kupita kuseri. Ntchitoyo idatenga nthawi, chifukwa nkhuku zachikuda sizigwidwa masana popanda kuthamanga. Alinesi adazimanga miyendo yekha ndi timizere ta chitenje chakale, imodziimodzi. Thadzi lakuda, limene lidaswa pafupifupi zonsezo, adaliika pomaliza, pamwamba, kuti lisapsinjike. Nebert adaima pakona ya nyumba ndi ndowa m'manja, ndipo palibe adamupempha kuti athandize.

Njinga itatuluka, bwalo lidangoti zii. Alinesi adatseka geti n'kupita patsinde pa gwafa. Juba adali atagona m'fumbi, nthiti zikuoneka, ubweya wa m'khosi utathothoka pamene padadutsa chingwe. Atamuona akubwera adabisa mchira n'kutsinzina.

Alinesi adagwada, adamasula tcheni.

"Juba. Bwera, bambo."

Galuyo adadzuka, adayang'ana dzanja limene lidatambasulidwalo, kenaka adayenda chokwawa m'mbali mwa khoma mpaka adakalowa pansi pa thanki ya madzi. Alinesi adakatenga mbale ya chakudya n'kuiika pafupi ndi thankiyo. Adabwerera pang'ono, adakhala pansi pa udzu, n'kuyamba kudikira.